Laputopu yayamba kunong'ona chiikireni Linux: mawu akutayikira pati?

Funso: Ndine mphunzitsi wa kusekondale. Ndinagula Dell Latitude yogwiritsidwapo kale ntchito, ya purosesa ya Intel ya m'badwo wa 6, ndipo nditamva zoti Windows 10 yasiya kuthandizidwa, mnzanga anandiikira Linux Mint 22. Zonse zikuyenda bwino kupatula mawu. Voliyumu ili pa 100% koma masipika akumveka motsika kwambiri kuyerekeza ndi mmene ankamvekera pa Windows. Ndikalumikiza mahedifoni, mawu amamveka bwinobwino. Mafilimu ndiye musanene, anthu akamayankhula sindimva kanthu. Ndimafuna ndizionetsa ana mavidiyo a maphunziro m'kalasi. Mnzanga uja akuti ndingokweza mpaka 150%. Nditero?

Yankho: Aphunzitsi, pokwezera mawu mpaka 150% palipodi, ndipo ndikulozerani, koma pakhale pomaliza kugwirapo. Laputopuyo mwachita bwino kusaitaya. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 salola purosesa ya m'badwo wa 6, choncho makina ngati anuwo adzakhalitsa ndi Linux. Chomwe chatsala n'kupeza pamene mawu akutayikira.

Laputopu ya Linux ikamamveka motsika, nthawi zambiri gwero limakhala limodzi mwa atatu. Mwina mawu achepetsedwa penapake inu osadziwa. Mwina sipika yeniyeniyo, kapena ampulifaya yoyiyendetsa, ili ndi vuto. Kapena palibe chawonongeka n'komwe, mukungosowa zokometsera zomwe Windows inkachita inu osaziona. Kukweza kupyola 100% sikuchiza chilichonse mwa zitatuzi, kumangobisa, ndipo pa vuto lachiwirilo kumawonjezera. Mmene mwafotokozeramo ndikukayikira kwambiri chachitatu, koma tiyambe ndi choyamba chifukwa sichidya ndalama kapena bandulo.

M'kalata yanu muli mfundo yofunika: mahedifoni akumveka bwino. Zimenezi zikutiuza kuti Linux yazindikira kachipangizo ka mawu ndipo driver, pulogalamu yoyendetsa kachipangizoko, ikugwira ntchito. Koma musazikhulupirire mopitirira. Mahedifoni amakhala pakhutu penipeni ndipo amafuna mphamvu yochepa zedi, moti ngakhale mawu atadulidwa pakati amamvekabe okwanira. Komanso Linux imasunga voliyumu ya mahedifoni payokha, ya masipika payokha. Ina ikhoza kukhala pamwamba ina ili pansi.

Mawu asanatuluke pa sipika amadutsa malo angapo, ndipo malo alionse angathe kuwachepetsa. Zili ngati madzi odutsa m'paipi yokhala ndi mavavu anayi ondondozana: kutsegula mpopi wa kumapeto mpaka kumalekezero sikuthandiza ngati vavu ina m'njira yatsekedwa theka. Poyamba pali voliyumu ya mkati mwa pulogalamu yomwe mukuonera, kaya ndi YouTube mu Firefox kapena VLC. Kenako pali voliyumu yomwe Linux imasungira pulogalamuyo payokha. Kenako ya kompyuta yonse, ija mumakweza ndi mabatani a pa kiyibodi. Pansi pa zonsezi pali ALSA, gawo la kernel (phata la Linux) lomwe limayankhulana ndi kachipangizo kenikeni, ndipo ili ndi mizere yakeyake. Voliyumu ya pulogalamu ndi ya kompyuta yonse, pa Mint 22 imayendetsedwa ndi pulogalamu ya mawu yotchedwa PipeWire. Pa Mint 21 ndi pa Ubuntu 22.04 inkayendetsedwa ndi PulseAudio. Kusiyana kumeneku kukumbukireni, tikukumana nako kutsogoloku.

Maperesenti a voliyumu amanamiza anthu ambiri. Pa PulseAudio ndi PipeWire, 50% si theka la mphamvu ya mafunde a mawu. Ndi gawo limodzi mwa magawo 8, kapena kuti kutsika ndi 18 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mawu). Pa 70% mwatsika kale ndi 9 dB, ndipo khutu la munthu limamva kutsika kwa 10 dB ngati mawu achepa ndi theka. Ndiye pulogalamu ikakhala pa 70%, masipika nawo pa 70%, mwataya kupitirira 18 dB koma maso akukuuzani kuti zonse zili chapamwamba ndithu.

Tsegulani Terminal, zenera lolembamo malamulo, mulembe izi:

sudo apt install pavucontrol

Kapulogalamuka n'kakang'ono. Dzina lake limatchula PulseAudio koma kamagwira bwino ntchito ndi PipeWire. Yambani kusewera vidiyo iliyonse, mahedifoni muwazule, kenako mukatsegule. Pa tsamba la Playback muona pulogalamu iliyonse yomwe ikutulutsa mawu panthawiyo, iliyonse ndi mzere wake. Ngati palibe chikusewera, tsambali limaoneka lopanda kanthu, n'chifukwa chake ndati vidiyo iyambe kaye. Mzere wa Firefox kapena wa VLC ukhale pa 100%. Linux imakumbukira: mukatsitsa Firefox tsiku limodzi, imadzatsegukabe motsika mawa ndi mkuja. Pa tsamba la Output Devices onetsetsani kuti pa Port palembedwa Speakers, ndipo dinani kachizindikiro ka loko kuti muone mzere wa kumanzere ndi wa kumanja padera. Zimachitika kuti umodzi uli pa 100% wina uli pa 30%. Pa tsamba la Configuration sankhani Analog Stereo Duplex kapena Analog Stereo Output. Mukapeza pali Pro Audio, chotsanipo. Imeneyo ndi ya anthu a m'situdiyo, ndipo ikasankhidwa PipeWire imasiya kukusamalirani mizere ya ALSA, moti mzere ukatsalira pansi umangokhala choncho.

Tsopano titsike pansi penipeni. Voliyumu ya kompyuta muyiike pa 100% ndendende, kenako mu Terminal mulembe:

alsamixer

Apa ndi pomwe ambiri amabwerera msanga. Chikatseguka, kawirikawiri chimaonetsa mzere umodzi wokha, Master, uli pamwamba, munthu n'kunena kuti zonse zili bwino. Mzere umenewo ndi wa PipeWire, si wa kachipangizo. Dinani F6 musankhe khadi lenileni, lomwe pa makina a Intel a zaka zimenezo limalembedwa HDA Intel PCH. Mukatero mizere ichuluka: Master, Headphone, Speaker, PCM ndi ina. Yendani ndi mivi ya kumanzere ndi kumanja. Pansi pa mzere pakalembedwa MM ndiye kuti watsekedwa, dinani M utseguke. Koma chomwe mukufuna kwenikweni chili pakona ya pamwamba kumanzere, pomwe pamalembedwa dB gain ya mzere womwe mwaimapo. Master, Speaker ndi PCM yonse ikamaonetsa 0.00, kachipangizoko kakupereka zonse zomwe kali nazo ndipo palibe chobisika. Umodzi ukamaonetsa -12 kapena -20, mwagwira wakuba. Ukwezeni ndi muvi wa m'mwamba, mutuluke ndi Esc, kenako musunge:

sudo alsactl store

Mzere wa Headphone mukaupeza uli pansi kapena wotsekedwa pamene mahedifoni mwazula, musadabwe, amayenera kutero. Musadabwenso mukaona mizere ya Master ndi Speaker ikuyenda yokha mukamadina mabatani a voliyumu, chifukwa PipeWire ndi yomwe imaikoka. N'chifukwa chake ndati muyambe mwaika pa 100%, apo ayi muona manambala otsika n'kuganiza kuti mwapeza vuto pomwe palibe. Palinso Auto-Mute Mode, yomwe imatseka masipika mukalowetsa mahedifoni. Anthu amakonda kuitchula pa nkhani ngati iyi, koma imeneyo ikalakwa masipika amangoti zii, sanong'ona. Si yanu.

Ngati mwakonza koma mukayatsanso kompyuta zabwerera mwakale, wolakwa amakhala WirePlumber, pulogalamu yomwe imakumbukira voliyumu ya chipangizo chilichonse ndi ya pulogalamu iliyonse. Zokumbukirazo imazisunga mu foda imodzi. Musaifufute, ingoisinthani dzina kuti ngati zitavuta muibwezere:

mv ~/.local/state/wireplumber ~/.local/state/wireplumber-yakale

systemctl --user restart wireplumber pipewire pipewire-pulse

Ikayambiranso imaika chipangizo chilichonse chotulutsa mawu pa 40%, choncho mukwezenso nokha.

Mizere yonse ikakhala pamwamba, tiyese masipika enieniwo. Lembani:

speaker-test -c 2 -t wav

Mumva mawu akuti Front Left mbali imodzi, Front Right mbali inayo, mobwerezabwereza mpaka mutadina Ctrl ndi C. Ikani khutu pafupi. Mbali imodzi ikakhala chete kapena yofooka kwambiri, kapena ikamathetheka ndi kusasa ngakhale voliyumu ili pakati, vuto si la Linux, sipikayo yatha. Pa laputopu yomwe yadutsa m'manja mwa anthu angapo zimenezi si zachilendo, ndipo pa Windows mwina simunazindikire chifukwa inayo inkaphimba. Sipika ya laputopu ndi kabokosi kakang'ono kolumikizidwa ndi kachingwe, ndipo wokonza makompyuta angachotse pa makina ena akufa amtundu womwewo n'kukuikirani. Yang'ananinso timabowo totulukira mawu. Pa malaputopu ambiri a kuofesi tili kunsi chakutsogolo, ndipo timadzaza fumbi, m'kalasi ndiye kuli choko chomwe. Mkati mwa sipika muli maginito, omwe amakoka tizitsulo ting'onoting'ono n'kumatirira. Tsukani ndi mswachi wofewa wouma, osalowetsa singano kapena waya. Ndipo poti masipikawo amayang'ana pansi, amadalira thabwa la desiki kuti libweze mawu. Pa matiresi kapena pamiyendo amatsamwa.

Kuyesa kwina kosavuta n'kuyatsa kompyuta ndi fulashi ija anakuikirani nayo Mint, osaika chilichonse, n'kumvetsera. Ikamveka mokweza kuposa Mint ya pa hard disk, ndiye kuti pali chomwe chinasinthidwa mutaika kale. Ikamveka chimodzimodzi, zosintha zanu zilibe mlandu.

Tifike tsono pa chomwe ndikuganiza kuti ndicho chanu. Sipika ya laputopu ndi kanthu kakang'ono, ka mphamvu ya watt imodzi kapena awiri, kokhala m'kabokosi kopanda malo. Payokha siingamveke mokweza ngati mmene munkaimvera pa Windows. Opanga makina amadziwa zimenezi, ndiye pamodzi ndi driver ya Windows amaikamo pulogalamu yokonza mawu asanafike pa sipika. Dell imagwiritsa ntchito kwambiri Waves MaxxAudio, Lenovo imakonda Dolby, makina ambiri a HP amalembedwa Bang & Olufsen, ena DTS. Mapulogalamu amenewa ndi a eni ake ndipo pa Linux mulibe. Linux imapereka mawu osakonza, mmene alili mu fayilo. Choncho si kuti Linux yakuchepetserani mawu. Windows ndiyo inkawakometsera.

Kukometserako kumachitika bwanji? Mawu ojambulidwa amakhala ndi denga lomwe sangapyole. M'nyimbo kapena m'filimu, ng'oma ikagunda kapena chitseko chikamenyetsedwa, mawu amafika padengapo, pamene kuyankhula kwa anthu kumakhala pansi kwambiri. Pulogalamu yokometsera imachita zinthu zitatu. Imachotsa besi yakuya, yomwe sipika yaying'ono siingatulutse koma imangoitopetsa n'kudya malo pansi pa denga lija. Imapanikiza mawu okwera kwambiri kuti ayandikane ndi otsika, kenako n'kukweza zonse pamodzi. Pomaliza imaika mlonda woti chilichonse chisapyole denga. Zotsatira zake, mawu okwera kwambiri amakhala pomwe analipo, koma kuyankhula kumakwera ndi ma dB angapo, ndipo khutu limati laputopu ikulira mokweza.

Tsopano onani kusiyana kwake ndi 150% ya mnzanuyo. Imeneyo simasankha, imangochulukitsa chilichonse. Pa 150% mafunde amachulukitsidwa kupitirira katatu, pafupifupi 10.6 dB. Mawu omwe anali otsika amakweradi. Koma omwe anali kale pafupi ndi denga alibe kopita, amadulidwa nsonga, ndipo ndiko kusasa ndi kuthetheka kuja mumamva munthu akakweza wailesi mopitirira. Mawu odulidwa chonchi amatenthetsa kawaya ka mkati mwa sipika kuposa mawu abwinobwino, ndipo sipika yokalamba kale siipirira nthawi yaitali. Pa vidiyo yomwe inajambulidwa motsika kwambiri, 120% kapena 130% kwa kanthawi ilibe vuto, chifukwa pansi pa denga pamakhala pali malo. Muipeza mu Sound settings ya Mint, pomwe pali chololeza kupyola 100%, kapena mu pavucontrol momwe mzere umafika pa 153%. Mukangomva kusasa, tsitsani. Koma kuisiya pa 150% tsiku ndi tsiku, ayi.

Njira yabwino n'kudzipangira nokha zomwe MaxxAudio inkachita, ndipo pa PipeWire pali pulogalamu yaulere yochitira zimenezi, EasyEffects:

sudo apt install easyeffects lsp-plugins-lv2 calf-plugins

Mu Software Manager muipezanso ya Flatpak, njira ina yoikira mapulogalamu, koma imeneyo imabwera ndi katundu wambiri wowonjezera, ndipo pa bandulo ya pafoni muimva kuwawa. Ya apt ndi yokwanira. Mukatsegula, khalani mbali ya Output, pitani pa Effects, mudine Add Effect. Muike zinthu zitatu, ndipo dongosolo lake n'lofunika chifukwa mawu amayenda kuchokera pamwamba kutsika pansi.

Choyamba ndi Filter. Sankhani High-pass, muike pa 150 Hz. Musaope kuti muwononga kuyankhula. Foni ya landline inkadutsitsa mawu a pakati pa 300 ndi 3400 Hz okha ndipo anthu ankamvana bwinobwino. Chachiwiri ndi Compressor, yopanikiza mawu okwera kwambiri. Yambani ndi threshold ya -20 dB, ratio ya 3 kapena 4, ndi makeup, yomwe imakweza zonse pamodzi, ya 6 dB. Chomaliza ndi Limiter, mlonda uja, threshold yake pa -1 dB, ndipo chikhale pansi penipeni pa mndandanda, pasabwerenso china pambuyo pake. Manambalawa ndi poyambira chabe. Sewerani vidiyo ya munthu akuyankhula, muzikweza makeup pang'onopang'ono, 1 dB nthawi imodzi. Mukayamba kumva mawu akukwera ndi kutsika okha ngati akupuma, kapena phokoso la kumbuyo likukula munthu akasiya kuyankhula, mwapitirira, bwererani pang'ono. Ngati mukufuna kuti zilembo zizimveka bwino, makamaka pa maphunziro a chilankhulo, onjezerani Equalizer pakati pa Filter ndi Compressor, mukweze ndi 2 kapena 3 dB chapakati pa 2000 ndi 4000 Hz, pomwe pamakhala kuthwa kwa mawu a munthu.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amaiwala n'kumati pulogalamuyi siigwira. Mu Preferences muyatse choti iziyamba yokha kompyuta ikayaka, apo ayi mukazimitsa zonse zimabwerera mwakale. Komanso musunge zomwe mwakonzazi pa Presets, muzipatse dzina, n'kuzimangirira ku masipika okha pogwiritsa ntchito Autoload. Mahedifoni muwapangire preset ina yopanda kanthu. Mukapanda kutero adzataya besi yonse, ndipo adzakwera mwadzidzidzi m'makutu mwanu.

Za mafilimu zili ndi chifukwa chake chapadera. Mafilimu ambiri mawu ake amakonzedwera masipika 6, zomwe amati 5.1, ndipo kuyankhula pafupifupi konse kumaikidwa pa sipika imodzi ya pakati. Laputopu ili ndi masipika awiri, ndiye pulogalamu imasakaniza njira 6 zija kuti zikwane mu ziwiri, ndipo pofuna kuti zisapyole denga imatsitsa zonse. Kuyankhula kumamira, kuphulika kwa mabomba n'kumamvekabe. Onani kaye ngati fayiloyo ili ndi njira ina ya mawu ya Stereo. Mu VLC ili pa Audio, kenako Audio Track. Ngati palibe, Compressor ya EasyEffects ija ndiyo mankhwala ake, ndipo VLC ilinso ndi yakeyake pa Tools, Effects and Filters, Audio Effects. Musayatse zonse ziwiri pamodzi. Pa YouTube nkhani ndi ina. Iwo amatsitsa mavidiyo okwera kwambiri kuti afanane ndi anzawo, ndipo mukadina batani la kumanja la mausi pa vidiyo n'kusankha Stats for nerds, muona mzere wa Volume ukuonetsa mmene atsitsira. Vidiyo ya mphunzitsi yemwe anajambula ndi foni ili patali imakhala yotsika chijambulireni, ndipo pamenepo laputopu yanu ilibe mlandu.

Ndipatuke pang'ono chifukwa cha ena owerenga omwe ali ndi makina atsopano, makamaka opyapyala a kuyambira cha m'ma 2019. Kwa iwo zizindikiro zingafanane ndi zanuzi, mahedifoni bwino, masipika ofooka ndi opanda besi, koma gwero lake n'losiyana. Makina ambiri oterewa ali ndi masipika anayi, awiri a mawu opyapyala ndi awiri a besi, ndipo ena ali ndi ampulifaya yapadera monga Cirrus Logic CS35L41 kapena TAS2781 ya Texas Instruments. Ampulifayayi imafuna driver yakeyake ndi firmware yake, kapulogalamu koyenda mkati mwa ampulifayayo. Kernel ikapanda kuidziwa, amalira ndi masipika awiri aang'ono okha, enawo ali chete. Apa EasyEffects siingathandize, ndipo kukweza kupyola 100% n'kuzunza masipika awiri otsalawo. Chothandiza ndi kernel yatsopano pamodzi ndi phukusi la linux-firmware latsopano, chifukwa opanga kernel amawonjezera makina amenewa amodziamodzi malinga ndi nambala zawo. Lamulo la uname -r limaonetsa kernel yomwe muli nayo. Mint 22 ndi Ubuntu 24.04 zinatuluka ndi 6.8, pamene Mint 21 ndi Ubuntu 22.04 zinatuluka ndi 5.15. Pa Mint, kernel ina imasankhidwa mu Update Manager, pa View, kenako Linux Kernels. Makina atsopano a Intel amafunanso Sound Open Firmware, phukusi la firmware-sof-signed, ndi alsa-ucm-conf. Kuti muone ngati kernel ikudandaula za ampulifaya kapena firmware yosowa, lembani:

sudo dmesg | grep -iE "snd|sof|cs35|tas2"

Amene anasiya Windows pambali pa Linux pa makina amodzi azimitsenso Fast Startup mu Windows. Ikakhala yoyaka, Windows sizimiratu, ndipo nthawi zina imasiya kachipangizo ka mawu m'njira yomwe Linux imalephera kukadzutsa bwino. Pochoka pa Windows kupita pa Linux, kuzimitsiratu n'kuyatsanso kumaposa Restart.

Latitude yanu, Aphunzitsi, ndi ya m'badwo wosavuta. Zipangizo zake kernel inazidziwa kalekale, choncho musataye bandulo kusaka kernel yatsopano.

Chenjeraninso ndi malangizo a pa intaneti, chifukwa ambiri ndi olondola koma a nthawi ina. PulseAudio inalowa mu Ubuntu mu 2008 ndipo inakhalamo zaka zoposa 14, ndiye zambiri zomwe mupeze zinalembedwera imeneyo. PipeWire inayamba kukhala yokhazikika pa Fedora 34 mu 2021, pa Ubuntu 22.10 mu 2022, ndipo pa Mint inafika ndi 22 mu 2024. Malangizo akakuuzani kuti musinthe fayilo ya /etc/pulse/daemon.conf kapena mulembe pulseaudio -k, pa makina anu sizichita kanthu. Choopsa kwambiri ndi aja onena kuti muchotse PipeWire kapena ALSA n'kuikanso. Lamulo lochotsa limatha kukokera limodzi mapulogalamu ena ofunika, munthu n'kutsala wopanda mawu ngakhale onong'ona aja. Mukafuna kutsimikiza chomwe muli nacho, lembani pactl info muwerenge mzere wa Server Name. Mukaonapo mawu akuti PipeWire, malangizo a PulseAudio yeniyeni muwasiye. Ngakhale a WirePlumber amasiyana. Mint 22 ili ndi 0.4, yomwe mafayilo ake osinthira amalembedwa mu Lua, pamene 0.5 inasintha kalembedwe konse. Mzere wa options snd-hda-intel model= womwe anthu amakopera mu /etc/modprobe.d nawonso umathandiza pokhapokha dzina la model ligwirizane ndi kachipangizo kanu. Kungoyesa mayina mwachisawawa kumatha kusokoneza maikolofoni kapena bowo la mahedifoni lomwe likugwira bwino ntchito pakali pano. Ngati mwafika poyesa zimenezo, dziwani kaye kachipangizo kanu:

grep Codec /proc/asound/card*/codec*

Ndipo musinthe chinthu chimodzi nthawi imodzi, n'kulemba pa pepala zomwe mwasintha.

Za kalasi ndikuuzeni mosabisa. Mukachita zonsezi laputopu imveka bwino muofesi, m'chipinda chogona kapena pa msonkhano wa Zoom, mwina kufanana ndi mmene inkamvekera pa Windows. Koma m'kalasi yodzaza, mawindo ali otsegula, kalasi yoyandikana ikuwerenga mokweza, masipika a laputopu iliyonse sangafike pa benchi ya kumbuyo. Ngakhale mphamvu ya sipika itawirikizidwa, mawu amangokwera ndi 3 dB, ndipo pabwalo amatsika ndi 6 dB nthawi iliyonse mtunda ukawirikiza. M'chipinda makoma amabwezako pang'ono, koma osati zokwanira. Pezani sipika yakunja yokhala ndi batire yakeyake, yoti izigwira ntchito ngakhale magetsi atazima, ndipo muilumikize ndi chingwe cha aux pa bowo la mahedifoni. Chingwe chilibe zovuta za Bluetooth, ndipo mawu sachedwerapo poyerekeza ndi milomo ya woyankhula pa vidiyo. Mukakakamizika kugwiritsa ntchito Bluetooth, lowani mu pavucontrol pa Configuration muonetsetse kuti yasankhidwa A2DP, yomwe ndi ya nyimbo. Ikagwera pa HSP kapena HFP, yomwe ndi ya kuyimbira foni, mawu amakhala opyapyala ndi otsika. Voliyumu ya laputopu muyiike chapamwamba koma osapyola 100%, kukweza kwenikweni muchitire pa sipikayo, ndipo preset ya masipika aang'ono ija isayake pamenepo chifukwa sipika yayikulu besi imaikwanitsa.

Ngati mwadutsa monsemu, mizere ili pa 0.00, masipika onse awiri akulira mofanana, EasyEffects ikugwira, koma mawu akadali otsika mosayenera, musamufotokozere wokuthandizani ndi pakamwa pokha. Lembani alsa-info mu Terminal. Lamuloli limasonkhanitsa dzina la makina, kernel, kachipangizo ka mawu ndi pomwe mzere uliwonse waima, ndipo limakufunsani kaye ngati mukufuna kutumiza zimenezi pa intaneti kapena kungozisunga mu fayilo. Sankhani kusunga, fayiloyo mupite nayo kwa wokonzayo pamodzi ndi pepala lija la zomwe munasintha.